Kafukufuku wa matenda oiwalaiwala asamathere pa boma, odwalawo ali kuseri kwa nyumba

Agogo anga aakazi, mayi awo a mayi anga, tsiku lina anawapeza m'mbandakucha pakhomo pa eni, mudzi wachitatu kuchoka kwathu, atakhala pa mtondo phee, nsalu ili m'manja m'malo mokhala m'chiuno. Inu a kuno ku Nkhotakota sindikufunika kukuuzani zomwe anthu ananena, mukuzidziwa kale. Mfiti yagwa. Ndege yathera mafuta m'malere. Dzuwa lisanatuluke bwinobwino anthu anali atadzaza kale, ena miyala m'manja ena mafoni m'mwamba kujambula, ndiye mwamwayi panadutsa mayi wina wa geni ya usipa akupita ku doko, nkuwazindikira, nkukuwa kuti inu anthu inu, awatu ndi agogo a kwa uje, amuna awo anali asodzi odziwika, asiyeni. Chinawapulumutsa ndi chimenecho basi, beseni la usipa lomwe linadutsa pa nthawi yake.

Iwo agogowo ankati akupita kunyanja kukachingamira amuna awo, omwe anatisiya ine ndili Sitandade 4. Ndipo sikuti zinayamba usiku umenewo ayi. Zinayamba pang'onopang'ono, kuthira mchere kawiri mu ndiwo, kuiwala poto pamoto mpaka kupserera, kufunsa funso limodzi kasanu pa ola, kenako kunamizira adzukulu kuti awabera ndalama pomwe abisa okha mu ufa wa kondowole, kenako kundifunsa ine mdzukulu wawo amene anandilera okha kuti kodi bambo inu mwachokera kuti. Kunyumba tinkangoti ndi ukalamba, abwerera ku umwana. Aneba ankati misala. Amalume ena ankati alipo wawapanga chipongwe pa nkhani ya munda. Panadutsa zaka ndithu kuti kilinishani wina wachinyamata atiuze kuti amenewa ndi matenda a mu ubongo, ali ndi dzina, dimenshiya, pa wayilesi amati matenda oiwalaiwala, ndipo si ufiti, si misala timaidziwa ija, komanso sikuti aliyense akakalamba amayenera kutero.

Ndayamba ndi za kwathu chifukwa masiku ano nkhani ya dimenshiya yayamba kumveka, mayunivesite akunja ndi akuno akufuna kuchita kafukufuku mu Africa muno, akufuna anthu oti alowe nawo, akufuna kuphunzitsa anthu m'madera. Zabwino zimenezo, ine ndikuomba m'manja. Koma maganizo anga ndinena mosapsatira, akapitiriza kupeza anthu mmene timapezera pa mapulojekiti ena onsewa ndiye kuti munthu ngati agogo anga sadzalowamo, ndipo kafukufuku wa matenda oiwalaiwala amene mulibe oiwalaiwala enieniwo ndi kungotentha dizilo.

Ndikunena zomwe ndinaona ndi maso. Ndinagwirapo ganyu yofunsa mafunso m'midzi, ija amakupatsa tabuleti, tisheti ndi chipewa, sinali ya dimenshiya koma kayendetsedwe kake ndi komweko konsekonse. Mabwana amafika pa boma ndi galimoto zoyera, mitingi pa loji, mabotolo a madzi pa tebulo, alawansi mu envulopu, kenako uthenga umatsika kwa a T/A, kwa agulupu, kwa anyakwawa, mpaka madzulo mnyamata wa mfumu akukuwa m'mudzi kuti okalamba nonse mawa 8 koloko mukapezeke pa sukulu, kwabwera alendo. Tsono taganizani bwino. Matenda ake ndi oiwala, inu mwaitana munthu kuti akumbukire kuti mawa kuli msonkhano, akumbukire njira ya ku sukulu, akhale pa mzere maola atatu osadzuka nkuyamba ulendo wake wina. Amabwera ndani? Amabwera madala olimba aja opalasa njinga mpaka pa Dwangwa, amayi a mu komiti ya tchalitchi, atcheya a VDC, aphunzitsi opuma amene mutu wawo ukugwira kuposa wanga. Kuonjezera apo anthu akangomva zolemba mayina amaganiza kuti ndi Mtukula Pakhomo kapena za feteleza, nde mndandanda umadzaza ndi achibale a olembawo, ena a zaka 45 atadzikulitsa kkk. Wodwala weniweni ali kuseri, mu kanyumba kakumbuyo, chitseko chomanga ndi waya kunja, chifukwa abale akuopa kuti asochera kapena akuchita manyazi kuti alendo amuona atadzionongera. Mukamaliza mumakwera galimoto, lipoti nkutuluka lokongola kuti ku Nkhotakota vutoli ndi lochepa.

Palinso sefa ina yomwe anthu saiona, imakhala mu pepala la kafukufuku momwemo. Wolowa akhale ndi foni yoti tizimupezerapo, adziwe kulemba ndi kuwerenga, akhale pafupi ndi chipatala, asakhale ndi matenda ena ngati sitiroko, khunyu kapena HIV, azibwera ndi wachibale mmodzi yemweyo ulendo uliwonse. Chilichonse pachokha chikumveka chanzeru, eni kafukufuku amafuna deta yoyera yosasakanikirana. Koma mukaphatikiza zonsezo mwasefa ndani? Mwachotsa amayi, poti amayi a msinkhu umenewo ambiri sukulu sanaione, chonsecho dimenshiya imagwira amayi ambiri kuposa abambo. Mwachotsa osauka, akutali, amasiye okhala okha. Mwatsala ndi nkhalamba ya m'buku, yomwe kuno kulibe.

Ndipo musaone ngati ndi vuto la ife tokha. Bungwe la WHO limati padziko lonse anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dimenshiya, chaka chilichonse kumabwera pafupifupi 10 miliyoni atsopano, ndipo oposa 60 pa 100 aliwonse amakhala m'maiko osauka ndi apakatikati, osati ku London kapena New York. Mu 1998 akatswiri ena anayambitsa gulu lomwe analitcha 10/66, dzina lake lokhalo ndi dandaulo, ankati odwala 66 pa 100 ali m'maiko ongotukuka kumene koma kafukufuku wochitika pakati pawo sakufika ndi 10 pa 100 pomwe. Chiyambire 1906 pamene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi wina yemwe ubongo wake unaonongeka motere, zambiri zomwe madokotala amadziwa zachokera kwa azungu, ophunzira, a m'tauni, okhala pafupi ndi zipatala zikuluzikulu.

Wina ati aaa ubongo ndi ubongo, za kwa azungu zigwiranso kuno. Ayi ndithu. Kuyambira 1992 kunachitika kafukufuku woyerekeza a Yoruba a ku Ibadan ku Nigeria ndi anthu akuda a ku Indianapolis ku America, mafunso ofanana, njira zofanana, ndipo anapeza kuti ku Ibadan matendawa amagwira anthu ochepa poyerekeza ndi uko, komanso jini ina yotchedwa APOE4, tija timatengera kwa makolo tija, yomwe kwa azungu imakweza kwambiri chiopsezo cha Alzheimer's, mtundu wa dimenshiya wofala kwambiri, kwa a Yoruba mphamvu yake inaoneka yochepa. Akanangokhala ku Indianapolis zimenezi sakanazidziwa. Mankhwala atsopano a Alzheimer's otchedwa lecanemab omwe America inavomereza mu 2023, nthawi imeneyo a madola 26,500 pa chaka, ofuna kujambulitsa mutu pa MRI pafupipafupi, anthu akuda omwe analowa nawo powayesa anali ochepa zedi ngakhale ku America komweko. Ife ndiye sitikuwerengedwa nkomwe. Nde tikamati anthu a mitundu yonse alowe mu kafukufuku sikuti tikukometsa lipoti kuti opereka ndalama amwetulire, tikufuna yankho lituluke loona.

Kuno kwathu ziliko zina, tisanamizane. Pali kafukufuku wa MLSFH amene wakhala akutsata mabanja ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuyambira 1998 ndipo pano amayezanso kukumbukira ndi kaganizidwe ka anthu achikulire. Kuli MEIRU ku Karonga ndi Lilongwe yomwe imafufuza za BP ndi shuga, kuli yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, kuli Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre. Anthu odziwa ntchito tili nawo. Kungoti kafukufuku ali ngati madzi, amatsata ngalande yomwe inakumbidwa kale, komwe kuli ofesi, labu ndi magetsi, ife a m'mbali mwa nyanja timangoona galimoto zikudutsa pa M5, kuima pa Chia kugula nsomba basi.

Tsono tiyerekeze kuti mwafika pakhomo, agogowo mwawapeza. Muwafunsa chiyani? Apa ndi pomwe ndimaseka ndekha. Mayeso otchuka kwambiri padziko, aja a MMSE a mu 1975, amafunsa kuti lero ndi pa chingati, tili pa nsanjika yachingati ya nyumba ino, chotsani 7 pa 100 muzitsika choncho, lembani chiganizo, koperani chithunzi ichi ndi pensulo. Ena amati jambulani wotchi, mivi iloze nthawi yakutiyakuti. Mayi wa ku Benga wa zaka za m'ma 70 amene sanapondeko m'kalasi, pensulo sanaigwirepo moyo wake wonse, nthawi amaonera dzuwa ndi tambala kapena azana ya ku msikiti, chaka chobadwa amangoti nthawi ya njala ya 49, alephera zonsezo mutu uli bwinobwino. Inu nkulemba kuti dimenshiya. Mayi yemweyo tamufunsani mayina a nsomba za m'nyanja muno, kapena mzere wa mafumu a m'mudzi mwake kuyambira woyamba, kapena amene ali naye ngongole ya mpunga chiyambire chaka chatha, muona tabuleti yanu ikutha chaji iye asanamalize. Mbali inayi mphunzitsi wopuma amene matenda amuyamba ndithu akhoza mayeso anuwo, chifukwa masamu ndi zolembalemba zinamulowa m'magazi. Sikelo yokhota imabera wogula ndi wogulitsa yemwe.

Anzathu a ku Tanzania, m'boma la Hai kufupi ndi phiri la Kilimanjaro, anaona vutoli nkupanga mayeso awo otchedwa IDEA oganizira anthu osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Tchulani nyama zambiri mmene mungathere pa mphindi imodzi, mtsogoleri wa mudzi uno ndani, lero ndi lachingati, bwerezani mawu awa, yalani timitengo ta machesi mmene ndayalira inemu. Zinthu zoti agogo akuona kuti ndi za moyo wawo. Ifenso sitingalephere, koma pafunika agogo enieni a m'mudzi akhalepo popanga mafunsowo, aziseka pomwe funso lapusa, osati kungomasulira fomu ya Chingerezi mu ofesi ku Lilongwe nkumati yatha.

Ndipo chilankhulo chake chiti? Boma lino si la Chichewa chokha. Kumpoto uku cha ku Dwambazi ndi Chitonga, m'madoko mpaka ku Salima uko Chiyao chili mbwee, ndipo odwala ambiri matendawa akamakula amabwerera ku chilankhulo chomwe anayamwira, chophunzira ukulu chija chimathothoka. Agogo amene agulitsa pa msika mu Chichewa zaka 50 atha kuyamba kuyankha mu Chiyao chokhachokha. Wofunsa akakhala mwana wa ku Area 47 wa Chichewa chosakaniza ndi chizungu alemba kuti sakumvetsa funso. Nanga makutu? Okalamba ambiri samva bwino, tothandizira kumva tija alibe, m'maso muli ng'ala, magalasi alibe, mwawakhazika pa sukulu pali phokoso la ana a Sitandade 1, kenako mukuti alephera kukumbukira mawu omwe sanawamve nkomwe. Palinso zoti mayi wachikulire wachisilamu sangamasuke kukhala awiriwiri m'chipinda ndi mnyamata wachilendo akumufunsa ngati amatha kusamba yekha kapena kupita kuchimbudzi yekha, ngakhale wa Mvano sangamasuke. Tumizani mayi mnzake, wa m'dera lomwelo, wodziwa kugwada ndi kupereka moni wautali uja, wa kunyumba ndi ana ndi mvula, musanatsegule za mafunso.

Nkhani ya magazi ndiye musaiyambe mwachibwana. Kafukufuku wambiri wa masiku ano amafuna magazi, pena malovu, ena mpaka madzi a pa msana. Tonse tikukumbuka 2017, mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu anaphedwa, ogwira ntchito m'mabungwe anachoka m'midzi ndi liwiro. A m'tauni amaseka kuti umbuli, koma munthu amene wakhala akuona galimoto zikubwera, kutenga magazi, kupita, osabweranso kudzanena kuti tapeza chiyani, mukufuna aganize chiyani? Nde dongosolo litembenuke. Kuphunzitsa kuyambe, miyezi ndithu, anthu akuzolowereni nkhope, afunse mafunso awo ovuta aja, magaziwo mukupita nawo kuti, asungidwa zaka zingati, apita kunja kapena ayi, otsala mutaya bwanji, kenako ndiye mutulutse jakisoni. Osati tsiku loyamba lomwelo kutsika galimoto ndi kabokosi ka ayisi m'manja.

Kenako chilolezo. Malamulo alipo, kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi makomiti ngati NHSRC kapena COMREC, ndipo wolowa amayenera kuvomera atamvetsa. Koma fomu ya masamba ambirimbiri kuwerengera munthu amene pofika tsamba lachiwiri loyamba lija waiwala, kenako nkumugwira chala kudinda pa inki, chimenecho ndi chilolezo kapena mwambo chabe? Amuvomerere ndani? Pa fomu pamangolembedwa kuti wachibale, koma kwathu kuno achibale ndi ambiri, amene amasambitsa agogo tsiku ndi tsiku ndi mwana wamkazi kapena mdzukulu wa Fomu 2, amene ali ndi mawu ndi mwinimbumba yemwe ali ku Kasungu ku fodya, amene amatumiza ndalama ali ku Joni ndipo akamva mochedwa aimba foni kukalipa kuti mwagulitsa mayi anga. Onsewa amafuna nthawi. Ine ndimati wosamalira tsiku ndi tsikuyo akhale patsogolo, enawo adziwitsidwe bwinobwino, ndipo mwini wakeyo ngakhale mutu ukuvuta, akakoka dzanja kapena kuyamba kulira ndiye kuti wakana, musiyeni, olo banja lonse litasaina. Pa ndalama napo, tsiku lomwe mayi wasiya geni kapena munda wa mpunga kuti akhale nanu mulipireni, ndi ya kabaza yomwe, chimenecho ndi chilungamo. Koma ikakula mpaka banja kuyamba kuwakoka agogo ngati mbuzi yopita ku msika ndiye kuti yasanduka nyambo.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena mumtima. Mnzanga wina wogwira ntchito ku chipatala anandiuza maso ndi maso, akuti man, kuno ana akufa ndi malungo, kolera ya 2022 ndi 2023 inatikwapula m'madoko monsemu, panado yemwe amasowa, inu mukuti tizilimbana ndi kuiwala kwa nkhalamba, matenda oti mankhwala ochiza alibe? Funso lake ndi lolemera, sindikulipeputsa, ndalama ndi zochepadi.

Koma ine ndinaona miyala ija. Mu Januwale 2016 ku Neno anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana, ndipo chaka ndi chaka a bungwe loona za okalamba la MANEPO amalengeza za okalamba ophedwa kapena kuotcheredwa nyumba. Si onse onamiziridwa ufiti ali ndi dimenshiya, koma amene ali nayo ndi amene ali pa mzere woyamba. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza okalamba, koma lamulo silikhalapo 4 koloko m'mawa pamene nkhalamba yapezeka maliseche pakhomo pa eni. Choopsa kwambiri, wodwala chonchi mukamuzinga nkumamufunsa kuti ndiwe mfiti eti, wadya angati, amatha kuvomera, nkutchula ndi mayina a anthu omwe anafa kalekale, chifukwa m'mutu mwake amoyo ndi akufa akukhala nyumba imodzi. Gulu nkumati mwamva nokha wavomera. Pamenepo chomupulumutsa si mapilitsi, ndi munthu mmodzi pagulupo amene anamvapo kuti kuli matenda otere.

Komanso si kuiwala konse kuli kosachizika. Ena ndi matenda a kukhumudwa, ena ndi kachasu wa zaka zambiri, ena ndi HIV yomwe yafika ku ubongo, chindoko chakale, chithokomiro, kuchepa kwa mavitamini, ena asokonekera masiku atatu okha chifukwa cha malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo. Zimenezi zili ndi thandizo bola wina afike nkuyeza. Akatswiri a Lancet Commission mu 2024 anatchula zinthu 14 zomwe titalimbana nazo pafupifupi 45 pa 100 ya dimenshiya ingachedwe kapena osabwera, mwa izo BP, shuga, fodya, mowa, kusamva, kusaona, kuvulala mutu, mpweya woipa, kusapita ku sukulu, kukhala wekhawekha. Tawerengani mndandandawo muone ngati si Nkhotakota yeniyeni, amayi athu mu utsi wa nkhuni zaka 60, anyamata a njinga zamoto opanda helemeti, BP yosayezedwa mpaka munthu kugwa ndi sitiroko. Ndipo chiyambire ma ARV aulere mu 2004 anthu tikukhalitsa, omwe tinkawalira ali moyo aja pano ali ndi imvi, nde nkhaniyi ikubwera tifune tisafune.

Eni kafukufuku nawo ali ndi dandaulo lawo, akuti khomo ndi khomo ndi zodula, dzinja misewu ya kumtunda ngati ya ku Mwansambo galimoto imatitimira, agogo mmodzi amadya maola awiri. Zoona. Koma kalembera wa 2018 anayenda nyumba ndi nyumba nkutiwerenga 17.5 miliyoni, poliyo itapezeka ku Lilongwe mu 2022 katemera anayenda khomo ndi khomo. Tikafuna timafika. Alangizi a zaumoyo, ma HSA athuwa, amadziwa nyumba iliyonse ya m'dera lawo, akudziwa kuti kwa uje kuli agogo amene satulukanso panja. Kungoti musawasenzetse ntchito ina yaulere pamwamba pa sikelo, katemera, kolorini ndi malipoti, aikeni mu bajeti, pamzere womwe mumaika za loji paja.

Za kuphunzitsa anthu ndisachulutse gaga m'diwa, njira tikuzidziwa tonse kungoti timazilambalala. Positala ya Chingerezi pa khoma la chipatala ndi matisheti a pa 21 Seputembala, tsiku lokumbukira Alzheimer's padziko lonse, sizifika kuseri kwa nyumba kuja. Nkhotakota Community Radio imafika, makamaka pulogalamu yoti anthu aziimba foni nkumafunsa. Pa maliro, mfumu ikamayankhula mudzi wonse uli chete, pamafika. Shehe Lachisanu, abusa Lamulungu, amayi a Dawa, a Mvano, banki m'khonde, makomiti a pa doko. Ine ndingaonjezere anthu omwe mapulojekiti sawaitana ku loji, anyamata a kabaza ndi a chitetezo cha m'mudzi, chifukwa ndi amene amakumana ndi agogo osochera usiku, ndipo mphindi zisanu zoyambazo ndi zomwe zimagamula kuti aperekezedwa kunyumba kapena agendedwa. Ndi asing'anga omwe. Eee, ndikudziwa ena zikuwawani, ena mwa iwo ndi omwe amaloza chala nkhalamba, koma mabanja ambiri, lathu lomwe, amayambira kumeneko asanapite ku chipatala, nde kuwasiya kunja ndi kudzinamiza tokha.

Ndipo mukamaliza bwererani. Osati kungotulutsa pepala la Chingerezi mu magazini ya ku Ulaya patapita zaka zitatu, bwerani pansi pa mtengo womwe uja munalemberapo mayina, munene m'chilankhulo chathu kuti tinapeza izi ndi izi, amene tinawapeza ndi BP tawalumikiza ndi chipatala, zikavuta muziimba nambala iyi. Kupeza munthu ali ndi dimenshiya nkungodina mu tabuleti nkukwera galimoto osaliuza banja kanthu, kuli bwino mukanangokhala kwanu.

Amene anawasamalira agogo ndi amayi aang'ono, zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka tsiku lomaliza. Sukulu analekeza Sitandade 5. Palibe anawaphunzitsa koma anatulukira okha kuti pa chitseko pazimangidwa tizitini ta miyala kuti tikalira usiku adzidzimuke, kuti nsima aziwapatsira mu mbale yawo yakale ija yokha apo ayi sadya, kuti kusamba kuzikhala masana dzuwa lili paliwombo chifukwa madzulo amavuta, kuti akayamba kulusa ungoyambitsa nyimbo ya ku kwaya yakale, iwo amalandira vesi yonse osaphonya liwu pomwe dzina la mwana wawo aiwala. Ndipo akafunsa kuti kodi bambo a auje sanabwerebe kunyanja, ife ophunzirafe tinkawauza zoona kuti anamwalira kalekale, iwo nkulira, tsiku lililonse maliro atsopano. Amayi aang'ono anatiletsa. Iwo ankangoti mwera wavuta mayi, agona ku doko, abwera mawa, agogo nkugwedeza mutu kuti eya, mwera wa chaka chino, nkugona.

Zimenezo palibe fomu inazifunsapo. Amayi aang'onowo alipo, foni alibe, pa misonkhano ya okalamba akuti zaka sizinakwane, ya achinyamata akuti anapitirira. Nyumba yawo ndi yomaliza mukadutsa mijigo iwiri, kuseri kwa mitengo ya mango, galimoto mudzaisiya ku msewu chifukwa kamlatho kanakokoloka.